Tsiku Limene Singano Anatisokera Matumba

Pa fakitale yathu yosoka mayunifolomu a ana asukulu panalibe amene ankamuitana ndi dzina la pa chitupa. Tonse tinkangoti Singano. Anali wowonda, wachangu pa ntchito, ndipo ukamuputa ankakubaya nthawi yomweyo, osadikira kuti mawa kuche. Ine ndinakhala naye moyandikana zaka zisanu ndi chimodzi, iye pa makina a pawindo akusoka makolala a malaya, ine pambali pake ndikusokerera mabatani. Ndimamudziwa kuposa mmene ndimawadziwira abale anga ena, ndipo nkhani yake imandipweteka kuposa zawo.

Anabadwa woyamba pa ana asanu ndi awiri. Sukulu anasiyira panjira, osati chifukwa cha mutu wouma ayi, koma mayi ake anali odwaladwala ndipo panafunika msana wina woberekera ana. Kusoka anachita kuba kwa amalume ake, telala wa zigamba, amene ankati mtsikana akakhudza makina awo ulusi umapiringizika. Amalumewo akapita kukadya, iye ankakhala pampando n'kuyamba kupalasa. Tsiku lina pobwera anapeza thalauza la kasitomala latha kale, msoko wake wowongoka kuposa wawo. Anamukalipira mpaka madzulo, mawa lake n'kumupatsa mathalauza atatu.

Kwa ife anabwera ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Mlungu woyamba womwewo anamubwezera mtolo wa makolala ati ndi okhota. Iye anatenga lula, anayeza kolala lililonse pamaso pa onse, mtolo wonse mpaka kutha, ndipo kuyambira pamenepo palibe anamubwezeranso kanthu. Miseche sankaikonda, nkhomaliro ankadya choimirira, ndipo akakwiya ankasoka mofulumira kwambiri, mwakuti akapitawo mwina ankapemphera kuti wina azimuputa tsiku lililonse.

Mwamuna anamupeza mochedwa, dalaivala wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu. Bamboyo ananyamuka ulendo wina Singano ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mpaka lero akadali pa ulendo womwewo. Tikamufunsa ankangoti, "Msewu wake ndi wautali," n'kuponda makina.

Mwana anabadwa wamwamuna, wamasaya ozungulira, ife n'kumutcha Kabatani. Singano atabwerera ku ntchito ankamusiya kwa mayi wina woyandikana naye chipinda, amene ankabwera naye pageti teni koloko ndi masana kuti adzayamwe. Zinayenda bwino mpaka Kabatani atakwanitsa miyezi isanu ndi iwiri. Kenako mayi uja anasamuka, ndipo Lolemba lina Singano analowa m'fakitale mwana ali kumsana, nkhope ili gwa, osapempha chilolezo kwa aliyense.

Akapitawo athu anali munthu wamantha, osati woipa. Ankaopa Madamu, eni fakitale, kuposa mmene ankaopera Mulungu. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana mulu wa makolala, ndipo anadziwa kuti panalibe wina woti angauthe mofulumira ngati Singano.

"Ine mwanayu sindinamuone," anatero. "Koma tsiku limene ndidzamumve akulira, ndiye kuti ndamuona. Mwandimva, mayi?"

"Ndamva, bwana."

Tonse tinamva. Tinamukonzera malo pakati pa makina anga ndi a amake, katoni yaikulu ya ulusi, pansi titayalapo zidutswa za nsalu zotsala podula. Ofesi ya akapitawo inali kuseri kwa khoma la matabwa, mapazi khumi okha kuchokera pa katoniyo. Amene sanagwirepo ntchito m'fakitale angaganize kuti makina khumi ndi awiri amabisa kulira kwa mwana. Sabisa. Makina amalirira pansi, mwana amalirira pamwamba.

Singano anali ndi ndondomeko yake ya kadyetsedwe, ndipo ankaisunga ngati lamulo. M'mawa kunyumba mwana ankayamwa. Belu loyambira ntchito lisanalire ankamudyetsa phala lothira dzira. Teni koloko, ife tikumwa tiyi, bere. Masana mbatata yophwanya ndi nyemba kapena masamba, akapuma pang'ono berenso. Cha m'ma fili koloko theka la nthochi kapena kapeyala. Pakati pa nthawi zimenezi madzi basi. Ankati mimba ya mwana ndi yofanana ndi nkhonya yake, ndiye chilichonse cholowamo chimalanda malo a chinzake.

Vuto linali lakuti Kabatani sankadziwa kuwerenga wotchi. Njala inkamupeza belu la teni koloko lisanalire, ndipo ankayamba ndi kanyimbo ka pansipansi kaja kamene mayi aliyense amadziwa kumene kamathera. Singano posoka ankayang'ana kuwindo, msana uli kwa ife. Ine ndi amene ndinkaona mwanayo akukwinya mlomo, ndipo ndinkaonanso chitseko cha akapitawo.

Apa ndidziulule ndekha, chifukwa woyambitsa ndine. Aliyense wa ife ankavala epuloni yokhala ndi thumba lalikulu kutsogolo, losungiramo tepi, choko ndi kasizasi. Tsiku lina m'thumba langa munali bisiketi yomwera tiyi. Ndinainyema, ndinamupatsa kachidutswa, mwana n'kungoti zii. Ndinadziona ngati ndapulumutsa ntchito ya mnzanga, ndipo mawa lake ndinagula paketi yathunthu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti sindinali ndekha. Amayi Busa, akuluakulu pa tonsefe, amene ankalumikiza manja a malaya, akamadutsa kupita kuseri ankamusiyira buledi woviika m'tiyi wa shuga masipuni atatu. Mayi wa pa simbi ankamuponyera tizakudya ta m'mapaketi tija tofiiritsa zala. Wodula nsalu anali ndi maswiti ofewa. Aliyense ankachita mobisa, aliyense ankati kanga n'kochepa, ndipo aliyense ankadziyesa mayi wachiwiri wa mwanayo. Kabatani ankangokhala m'katoni mwake, wodutsa aliyense n'kusiyapo kenakake. Zakudya zinali za mwana alirenji, ndipo akapitawo sanamumve ngakhale tsiku limodzi.

Atapitirira miyezi isanu ndi itatu anayamba kukana bere. Teni koloko amake akamuika, ankagwira pang'ono, n'kusiya, n'kutembenuka kutisekerera ife. Phala ankalavula. Mbatata ankaifinya m'manja n'kudzola kumutu. Singano mabere ankamutupa mpaka mkaka kudontha, ndipo tsiku lina unadetsa makolala oyera mtolo wathunthu. Anawachapa yekha pa nthawi ya nkhomaliro, osadya. Koma chomwe chinamuopsa kwambiri chinabwera pambuyo pake, pamene mabere analeka kutupa.

"Wadzisiyitsa yekha ameneyu," anatero Amayi Busa. "Ana ena amatero. Umuthokoze, mwanawe, wakupeputsira ntchito."

"Sanadzisiyitse, mayi. Mwana wanga ndimamudziwa."

"Wachisamba ungamudziwe bwanji? Ine ndalera asanu ndi mmodzi."

"Inu munalera anu."

Ine ndinangowerama pa mabatani anga. Mumtima ndinkati kabisiketi kamodzi sikangachite zonsezi, ndipo ndinkakhulupiriradi.

Kusikelo ankapita Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse. Miyezi iwiri yotsatizana mzere wa pa khadi unangoyenda chogona, osakwera. Mwezi wachitatu unaloza pansi. Tsiku limenelo anabwerako cha m'ma leveni, maso ali psuu. Anandiuza kuti nesi anamufunsa zomwe mwana amadya, iye n'kutchula zonse mwandondomeko, nesiyo n'kumuyankha pamaso pa azimayi onse a pabenchi kuti, "Mayi, mwana wodya zimenezo sawonda. Kaya mukunama, kaya wina akumudyera chakudya." Singano njala ankaipirira, mwamuna wothawa anamupirira, koma kutchedwa wabodza sankatha kupirira.

Madzulo tikuweruka anaona mzere wa nyerere ukulowa m'katoni. Anamunyamula mwana n'kukutumula zidutswa za nsalu zija, ndipo zonse zinagwera poyera: nyenyeswa za mabisiketi amitundu itatu, buledi wouma, pepala la switi, tofiira tija. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditaima pambali, chikwama chili m'manja, ndikudikira kuti andibaye. Koma iye anangotenga tsache. Anasesa, anabereka mwana wake, n'kumapita.

Lachisanu m'mawa tinamupeza ali kale pa makina. Maepuloni athu anali pa misomali yake monga mwa masiku onse. Ndinavala yanga, ndinati ndipise dzanja m'thumba, dzanja linakana kulowa. Thumba linali losokedwa pakamwa ponse, mizere iwiri, msoko waung'onoung'ono wa makolala uja umene kuumasula kumafuna tsiku lathunthu. Kumbuyo kwanga Amayi Busa anakuwa, kenako wa pa simbi, kenako tonse. Tepi, choko ndi sizasi anali atatulutsa n'kuziika bwinobwino pa makina a mwini wake aliyense. Mabisiketi okha ndi amene anawasokera momwemo.

"Iwe Singano, mwano wanji umenewu?" anatero Amayi Busa. "Epuloni yanga ine, msinkhu wa mayi ako?"

Singano anazimitsa makina, anatembenuza mpando, n'kutambasula khadi la kusikelo pa tebulo lodulira nsalu.

"Bwerani mudzaone msoko wanu," anatero akuloza mzere wotsika uja. "Mwausoka nonse, miyezi itatu."

Palibe anasuntha. Ine ndi amene ndinayesa kudzitchinjiriza, pokhala kuti ndinali mnzake wapamtima.

"Ifetu timakuthandiza, mng'ono wanga. Akanalira, bwenzi pano ulibe ntchito."

"Mumathandiza akapitawo, achemwali, kuti azipuma bwino mu ofesi. Mwana akalira ndiye kuti njala yafika, ndipo njala imeneyo ndi imene imamubweretsa kubere ndi kumbale. Inu mumaitenga n'kuitseka ndi shuga. Ine kumakakamiza mwana wokhuta zinyenyeswa, kumadzifunsa ngati mkaka wanga wawawa. Inuyo achemwali mumandiona ndikuchapa makolala pano, bisiketi ili m'thumba."

Wa pa simbi ndi amene anafunsa, mawu ali pansi.

"Nanga akalira titani, asisi?"

"Alire. Ali ndi amake."

Analiradi, ndipo anabweza kulira konse kwa miyezi itatu. Lachisanulo akapitawo anakweza wailesi mpaka khoma la matabwa kunjenjemera. Lolemba anapeza chifukwa chokhalira kosungira nsalu m'mawa wonse. Singano anasiya kudikira belu. Mwana akayamba, kaya ndi hafu naini, ankazimitsa makina n'kumuika kubere. Masiku oyamba Kabatani ankakankha bere n'kutambasulira dzanja kwa ine, akundiyang'ana ndi misozi ngati ndamugulitsa. Ndinkachita kukhalira manja anga.

Lachiwiri anagwira. Anayamwa mwaukali, kamwendo kakuponda m'mwamba, thukuta lili kamukamu pamphumi, mpaka tinamumva akumeza. Singano sanayang'ane aliyense, maso ali pa mwana wake. Masana a tsikulo mbale ya mbatata inatha, ndipo nthochi ya fili koloko anachita kuilanda.

Koma m'fakitale malaya amayenda pamzere. Makolala akaima mphindi khumi ndi zisanu, manja amaima, mabatani amaima, simbi imazizira. Singano ankabweza zonse, ankadumpha tiyi, ankatsala ife titaweruka, ndipo mtolo wake sunaperewere tsiku ndi limodzi lomwe. Komabe aliyense wolowa nthawi imeneyo akanaona makina a pawindo ali chete pa nthawi ya ntchito, ndipo tonse tinkadziwa kuti tsiku lina adzalowa ndi Madamu.

Analowa Lachinayi la mlungu wotsatira, teni koloko isanakwane, ali ndi aphunzitsi awiri ochokera ku sukulu ina odzaona malaya awo. Kabatani anali atayamba kale kanyimbo kake, Singano akumalizitsa kolala lomaliza pa mtolo. Madamu anaima pa katoni.

"Ichi n'chiyani?"

"Ine sindinamuone, Madamu," anatero akapitawo, mwana ali pamapazi pawo penipeni akukuwa.

Madamu sanafune kukalipa pamaso pa alendo. Anamwetulira, anatsegula chikwama, n'kutulutsa bisiketi ya kilimu pakati, yodula, imene ife sitigula. Anawerama.

"Tonthola, tonthola. Tenga, mwana wabwino."

Kabatani anatambasula manja onse awiri. Bisiketi isanafike, dzanja la Singano linali litagwira kale mkono wa Madamu, pamwamba pa wotchi.

"Musamupatse."

Makina onse anaima, ngati magetsi athima.

"Ukundigwira ine?"

"Ndikugwira bisiketi, Madamu. Mkono wanu wangopezeka pamenepo."

Anawasiya, ananyamula mwana wake, anakhala pampando, anamasula mabatani a bulauzi n'kumuika kubere, alendo akuona. Kulira kunatha nthawi yomweyo.

"Pano si kunyumba kwako," anatero Madamu. "Inenso ndinalera ana, koma sindinapite nawo ku ntchito."

"Munali ndi wowasiyira."

"Mawa ubwere wekha, kapena usabwere."

"Akamaliza kuyamwa ndikuyankhani."

Ndipo anadikiradi kuti amalize. Sanamufulumizitse, anamusinthanso bere. Mphunzitsi wamwamuna ankayang'ana kudenga, wamkazi ankayang'ana nsapato zake. Mwana atakhuta, Singano anamugogoda pamsana, anamubereka, anapinda epuloni n'kuiika pa makina. Anatenga sizasi yake, chifukwa inali yake yogula yekha, ndi mbale ya mbatata ya masana.

Tinalipo azimayi khumi ndi mmodzi m'chipindamo, ndipo pafupifupi tonse tinayamwitsapo. Palibe anaimirira. Ine ndinkayang'anitsitsa batani limene linali pa makina anga ngati ndikuliona koyamba, ndikudziuza kuti ndili ndi ana atatu ofuna kudya. Anadutsa pambali panga, kamwendo ka Kabatani kanandikhudza paphewa, ine osadzutsa mutu. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka pano.

Lolemba akapitawo anandisamutsira pa makina a pawindo, ndipo ndinakhalapo osakana. Makolala anga ankatuluka mwendo umodzi wautali, akabwezedwa ndinkangolandira. Katoni inabwerera kosungira ulusi. Tinamva kuti Singano wabwereka makina akale kwa mayi wina wa kumpingo kwawo, akusoka makatani ndi zigamba m'chipinda chake, tsiku lina ntchito ilipo, masiku atatu kulibe. Kukamuona sindinapite. Ndinkati Lamlungu, Lamlungu likafika n'kumati linalo.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, Lachinayi masana, mlonda anandiitana kuti pageti pali mlendo wanga. Ndinamupeza ataima kunja, sanalole kulowa. Ngati kale anali wowonda, tsopano mafupa a pakhosi ankachita kuonekera, ndipo diresi lake anali atalibweza m'chiuno. Kabatani anali ataimirira yekha atagwira zitsulo za geti, akuzigwedeza ngati akufuna kuzizula, masaya aja atabwerera.

"Wawondatu, Singano."

"Khadi la kusikelo si langa, achemwali."

Anandipatsa khadilo. Anati nesi anamuuza kuti azipita naye milungu iwiri iliyonse. Pa malo pamene mzere unaloza pansi panali timadontho titatu tatsopano, kalikonse pamwamba pa kanzake.

"Akuyamwa kanayi, nthawi zina kasanu," anatero. "Mbale katatu. Nthochi yake pa nthawi yake."

Misozi inandilengeza. "Undikhululukire, mng'ono wanga. Ndikagwada kwa Madamu, mwina angakubweze. Makolala akundikanika."

"Musakagwade. Sindinabwerere ntchito ine. Tengani khadili mulowe nalo, muwaonetse onse mmodzimmodzi. Mukamaliza mukawaonetse Madamu, galimoto yawo ndaiona. Wa pa simbi uja ndi woyembekezera, si choncho? Ndinamuona ku chipatala. Nayenso adzafuna kuyamwitsa."

"Iwe, andichotsa ntchito."

"Mwina. Ine ndidikira pompano. Khadi ndi la mwana, libwere."

Anakhala pansi pa mthunzi wa mpanda, anamukokera mwana pamiyendo, n'kuyamba kumasula bulauzi. Nkhani inali itatha.

Ndinalowa nalo. Wodula nsalu analiona n'kupukusa mutu. Amayi Busa anavala magalasi, analoza timadontho tija ndi chala kamodzikamodzi, anandibwezera, n'kupita kuseri kukamina. Wa pa simbi analigwira nthawi yaitali kuposa onse, dzanja lina lili pamimba. Nditatembenukira ku ofesi, akapitawo anandithamangira n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, kumbukirani muli ndi ana." Ndinawauza kuti ndakumbukira, n'kugogoda.

Madamu anali pa foni. Khadilo ndinaliika pamwamba pa mapepala awo, lotambasula. Anatseka foni ndi dzanja n'kundiuza kuti ndituluke. Ndinawayankha kuti ndituluka akayang'ana, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anayang'ana.